Thabwa Lolira Lija

Okondedwa achemwali,

Ife kuno tadzuka bwino, kaya inu ndi alamu? Imvani nkhani yokoma: titachotsa kapeti yakale ija, tinapeza matabwa amene bambo anayala akadali olimba gwa! Kalipentala wawapala, moti nyumba yonse ikununkhira utuchi. Iye amafuna kupaka vanishi wonyezimira, koma ine ndasankha mafuta, chifukwa vanishi amaterera, ndipo miyendo ya mayi masiku ano... basi, tidzakambirana mukabwera.

Mukukumbuka thabwa lolira lija la pakhomo pa chipinda chanu, limene linkakuululani mukafuna kuzemba ntchito? Kalipentala anati alikhomerere, mayi n'kumulanda hamala! Akuti, "Lisiyeni, ndidzamvere pomwepo kuti mwana wanga wafika."

Ndiye musachedwe, achemwali. Bwerani mudzaliponde.

Ndine mng'ono wanu wokusowani.