Maso Obwereka pa Mtsinje wa Krka

Skradin, 19 Sepitembala

Okondedwa achemwali a Vinka,

Ndikhulupirira muli bwino ku Melbourne pamodzi ndi alamu. Ine ndilipo, koma ndatopa, achemwali, kutopa kosatha ndi tulo. Lero ndatsitsa m'bwato alendo otsiriza a chaka chino. Miyezi isanu ya zilumba zomwezo, madoko omwewo, ndi funso lomwelo: "A Šime, madziwa ndi akuya bwanji?" ngati akufuna kuwamwa.

Munadandaula kuti sindinayankhe makalata anu awiri. Pa foni ndinati ntchito yachuluka. Linali bodza, ndikhululukireni.

Mukukumbuka momwe bambo ankatilowetsera mumtsinje wa Krka, chizindikiro cha njira ya bwato chofiira kumanzere, chobiriwira kumanja? Chaka chino zimenezo ndinazisandutsa masewera. Ndimauza alendo kuti woyamba kuona chofiira alandira tambula ya kachasu wa nkhuyu. Amalimbirana ngati ana, ine n'kumakhotetsa bwato motsatira mawu awo. Palibe anazindikira kuti ndikuyendera maso awo, poti anga kutali amangoona nkhungu.

Lachinayi masana tikukwera mtsinje, matanga titatsitsa, mlendo wina, dokotala wa mano wa ku Graz, anakuwa, "Chofiira icho, kumanja kwenikweni!" Ndinakhota. Sichinali chizindikiro, unali mgolo woyandama umene Jere amamangirira zingwe zowetera nkhono zake zam'madzi. Jere yemwe uja ankakunyamulirani mabuku popita kusukulu. Injini inatafuna zingwe n'kuzima.

Anabwera pa kabwato kake akupukusa mutu. "Iwe Šime, anzako amagula ndowa imodzi, iwe wabwera kudzakolola munda wonse?"

Alendo anafa nacho chiseko. Iye anadumphira m'madzi, nadula zingwe zake ndi manja ake, n'kuwauza kuti wolakwa ndi iye, mgolowo anausuntha dzulo. Koma alendo atatsikira m'kati kukadya, anaima kutsogolo kwa bwato.

"Ndakweza zala zingati?"

"Usandiyese mwana, aise."

"Zingati?"

"Zitatu."

"Sindinakweze n'chimodzi chomwe. Manja ali m'thumba."

Ndinachita manyazi, achemwali, kuposa tsiku limene bambo anandipeza ndikusuta kuseri kwa tchalitchi.

"Lero wadula zingwe," anatero. "Mawa udzadula mwana wa eni akusambira. Ukanene wekha kwa mwini mabwato pofika Lolemba. Ukapanda kupita, ndikanena ndine, undide ngati ukufuna."

Ndinamutukwana, sindibisa. Zaka makumi anayi ndili pachiwongolero, munthu woweta nkhono andiphunzitse nyanja? Koma Lolemba ndipita. Chondidabwitsa n'chakuti mtima wapepukako. Kunamizira kuona ndi ntchito yolemetsa kuposa kukoka nangula.

Za chipatala ndamva kale, musayambe. Madokotala akuti mwina diso lamanja angalipulumutse. Ndikupempha zinthu ziwiri: musathamangire kubwera, ndipo mukamalemba muzilemba zilembo zikuluzikulu.

Moni kwa alamu, muwauze kuti botolo lawo la kachasu lilipobe. Moni kwa mwana wanu Lucija ndi khanda lake. Pa foni paja ndinati mwanayo wafanana ndi mayi athu. Chithunzi ndili nacho m'thumba la malaya, koma ndinangolota. Mundiuze inuyo, wafanana ndi yani?

Ngati mwadabwa ndi kalembedwe, cholembera chili m'manja mwa Jere. Wakana kufufuta mawu alionse, ngakhale omunyoza aja, ndipo akuti akadali wokonzeka kunyamula mabuku.

Ndine mlongo wanu,
Šime