Chitenje Uchisiye Pamchenga

Wokondedwa mng'ono wanga Tadala,

Landira moni kuchokera kuno ku Dubai. Ine ndili bwino, chifuwa chija chinatha. Ndikhulupirira kuti nawenso uli bwino ku Texas.

Wati abwana ako akupita nawe ku katawuni kam'mbali mwa nyanja ku Mexico, ndipo nkhawa yako ndi Chisipanishi. Chimenecho chisakuvute, ukaloza ndi chala amamva. Ungotenga mapeso, ndalama za kumeneko, chifukwa timagolosale tambiri sitilandira khadi, ndipo madzi apampopi usamwe. Chondisowetsa mtendere ine ndi nyanjayo.

Mwezi wathawu ndinali chakomweko ku Mexico ndi a madamu amene ndimawagwirira ntchito. Ana awo anandikoka kuti, "Yalla, tiyeni anti, lowani m'madzi!" Pagombe panali amuna ambiri, ndiye ndinamanga chitenje pamwamba pa kabudula monga tinaleredwera. Madzi ankalekeza m'mawondo basi. Koma funde pobwerera, chitenje chinandizinga miyendo, ndinagwa, madzi n'kuyamba kundikokera kwakuya. Kugombe la Jumeirah kuno ku Dubai wolondera osambira akanaimba wezulo, koma kumeneko kunalibe. Msodzi wina ndiye anandivuula. Mpaka lero madzi akandifika kumaso posamba, ndimafulumira kutseka mpopi.

Iwe manyazi ako amaposa anga, ndiponso kusambira sudziwa. Ndagwira mwendo wako, Tadala, m'mimba mwa amayi tatsala awiri okha. Chitenje ukachisiye pamchenga, ndipo ukakaona mbendera yofiira yochenjeza pagombe usakaponde m'madzi.

Usananyamuke, pempha kulowa m'dziwe losambiramo la abwana akowo. Wina ali pambali, uyese kugona chagada pamadzi mpaka thupi lizolowere kuyandama. Yesa ngakhale kamodzi, mwana wa amayi.

Mulungu akusunge popita ndi pobwera.

Ndine mkulu wako,
Esinati