Liwu Limene Simunandiuze

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Ife kuno tilipo ndithu.

Ndine Marita. Papita masabata asanu chikuikireni m'manda, ndipo lero ndi pamene dzanja landilola kugwira cholembera. Kale makalata anga ankakuwerengerani achimwene a Yohane, inu muli pamkeka mukusenda chinangwa, n'kumawadula pakati kuti, "Tabwereza pamenepo, mwanayu akubisa kanthu." Ino sindikudziwa adzakuwerengereni ndani. Siipitanso ku positi, n'chifukwa chake sindibisamo kanthu.

Uthenga unandipeza Lachinayi masana pabwalo la mpira ku Monkey Bay. Tinasonkhana amayi a nthambi zonse za chipani, kukonzekera magule a tsiku limene mtsogoleri wa dziko adzabwere kudzayendera mbewu m'boma lathu lino. Ine ndinali kutsogolo, ndikuyambitsa nyimbo ija ndinapeka. Ndili m'kati mwa ndime yachiwiri, ndinaona achimwene ataima pafupi ndi golo, njinga ataitsamiritsa m'chiuno, chipewa chili m'manja. Achimwene savula chipewa padzuwa. Ndinadziwiratu. Koma mukudziwa inu kuti nyimbo yotamanda mtsogoleri siisiyidwa panjira. Ndinamaliza ndime yachiwiri, ndinamaliza yachitatu, ang'oma anabwereza kolasi kawiri, ine ndikuvinabe mpaka wezulo inalira. Apo ndi pamene ndinapita kukauzidwa.

Za kwathu ku Nkhudzi ndi izi. Alamu anachira patatha masabata awiri chichitikire maliro, mwana wamkazi, wamakutu aang'ono ngati anu. Amutcha Rute, dzina lanu. Amalira ndi mawu aakulu moti asodzi amamumva ali pamadzi. Chimanga chanu cha kuseri kwa tchalitchi chamasula bwino, koma anyani a m'phiri azindikira kuti mwini munda kulibe, akutsika ngakhale masana. Bwato la achimwene linang'aluka kumphuno, alimata ndi phula koma likulowabe madzi. Usipa wasowa. Denga la khitchini yanu likudontha pamalo pomwe paja munkaikapo beseni, ndipo palibe amene wachotsa besenilo.

Nkhani imene yandigwiritsa cholembera ndi ya nyimbo ija, Amayi.

Chiyambire ndili mtsikana, palibe nyimbo yanga imene inatuluka pakhomo musanaimve inu. Ndinkakuimbirani kawiri, inu maso ali pansi, kenako mumvekere, "Ndamva. Ubwere Loweruka." Sabata yonse munkayenda nayo nyimboyo, kudambo, kumtondo, kotunga madzi. Loweruka likafika munkandiimbira ndinu. Pamene mwaiwala mawu munkangong'ung'udza, mm-mm-mm, n'kupitirira. Ndikati ndikukumbutseni, munkakana. "Pamene ndaiwala ine, mpingo udzaiwalanso. Chotsa." Nthawi zina theka la nyimbo linkathera mu mm-mm-mm, ndipo munkadumpha mizere yomweyo imene ine ndinkainyadira, ya mawu akuluakulu otola m'mabuku. Ndinkalira kuseri kwa nkhokwe. Simunabwereko kudzanditonthoza ngakhale tsiku limodzi, koma madzulo ake mbale yanga inkakhala ndi mutu wa chambo.

Mukuikumbukira ya Zakeyu? Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ansembe atandipempha nyimbo ya ana a Sande sukulu. Ndinaimba monyadira kuti, "Zakeyu anakwera mtengo, anakwera mtengo." Tsiku limenelo simunadikire Loweruka. Munaseka mpaka kugwira nthiti. "Iwe Marita, Zakeyu wakoyu akumugulitsa pagolosale? Wakwera mtengo ngati shuga? Ndiye tigule wa ndalama zingati?" Ndinakwiya, ndinati aliyense akudziwa kuti ndikunena mtengo wa masamba. Inu munati, "Aliyense akudziwa ukamalankhula. Ukaimba, chuni chimapinda liwu, limaloza kwina." Tinamukweza mu mkuyu Zakeyu uja, ndipo ana akuimbabe mpaka lero. Munkati nyimbo ili ngati ukonde, pobooka mwini wake sapaona, imapaona ndi nsomba.

Loweruka lomaliza lija ndinakupezani mutagona, chifuwa chikulira. Sindinafune kukuvutitsani, koma munandifunsa nokha kuti, "Ya chipani ija wamaliza? Taimba." Ndinaimba motsitsa, kawiri monga mwa nthawi zonse. Munatseka maso, ndinayesa mwagona. Kenako munatsegula maso n'kunena kuti, "Muli liwu limodzi m'menemo likundiluma. Ndilimvetsetse kaye. Ubwere Loweruka."

Munapita Lachinayi.

Amayi, ndi liwu liti?

Ndaifufuza nyimboyi monga mmene munkasankhira mpunga m'lichero, kambewu kamodzikamodzi, ndipo ndapeza malo atatu. M'ndime yoyamba muli mzere woti, "Mwatiwolotsa Shire osanyowa," kunena za mlatho. Koma amayi ochuluka akakoka liwulo pamodzi, amene waima patali angamve ngati tikuti "mwatiwoletsa," ngati ndife nsomba zosiyidwa padzuwa. M'kolasi ine ndimati, "Sukulu, chipatala," amayi n'kuvomera, "Mwatimangira!" Pamenepo ng'oma yaikulu imagunda pa "ra" penipeni n'kumumeza, ndipo chimene chimatsala m'khutu chimanunkha ndende, sindifuna n'kuchilemba komwe. M'ndime yachitatu tikuti, "Masiku ano tagona," kunena za mtendere. Nanga wina akati tikudzinena kuti ndife anthu ogona, opusitsidwa? Musanalankhule inu, sindinkamvamo chilichonse mwa zimenezi. Tsopano ndikumva zonse zitatu, ndipo mwina palibepo ndi limodzi lomwe limene munkanena inu. Mwina linali liwu longonyansa chabe, losakhala bwino pachuni, lomwe mukanati, "Ili likutsimphina, lipezere lina," tikanaseka n'kumwa tiyi. Mwinanso ndi lachinayi, loopsa kuposa onsewa, limene khutu langa likulidumphabe.

Mukudziwa chimene liwu limodzi limachita masiku ano. Aphunzitsi aja a kutsidya, amene anatengedwa chifukwa cha chiganizo chimodzi cha pabolodi, chaka chatha tsopano, ndipo akazi awo sanauzidwebe kumene ali.

Ndayesa kufunsa anthu. Bambo a Dalitso ndinawaimbira nyimbo yonse titakhala pakhonde. Anandimvetsera mwaulemu, kenako anadzuka, anasuzumira kumpanda, n'kubwerera. Akuti, "Mayi a Dalitso, ine ndine kalaliki wa kudoko. Mundifunse matumba a m'sitima. Nyimboyi ndi yabwino." Ndinati sindikufunsa ngati ndi yabwino, ndikufunsa ngati muli liwu lolakwika. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ndikanena kuti lilipo, ndiye kuti ndalimva ine." Sindikuwaimba mlandu. Ndi munthu wabwino, ali ndi ana atatu oti awalere.

Anzanga a kwaya ya kutchalitchi nawo amangoti, "Yokoma zedi, mayi anu akanainyadira." Ena amatero chifukwa cha mantha, ena chifukwa ndine namfedwa, safuna kundiwonjezera chisoni. Sindithanso kusiyanitsa. Chiyambire maliro anu palibe munthu amene wandiuza kanthu kowawa, ndipo sindinkadziwa kuti zimenezi n'kuzilakalaka chonchi.

Sabata yatha ndinapita kwa Abiti Saidi, anzanu a pakhomo loyandikana nalo, amene anakudwazikani masiku omaliza. Ndinawafunsa ngati munanenapo kanthu za nyimbo. Akuti, "Mwanangu, ankaiimba, eetu. Lachiwiri, Lachitatu, milomo ikungogwedera. Ndinkawauza kuti a Rute, sungani mpweya, iwo n'kundikankha dzanja." Ndinawafunsa kuti nanga munkadumpha pati, munkang'ung'udza pati. Anandiyang'ana ndi chisoni. "Mpweya unali utachepa, mwanangu. Yonse inali kung'ung'udza."

Ndiye kuti munagwira ntchito yanga mpaka tsiku lomaliza, Amayi, ndipo yankho munali nalo kapena munatsala pang'ono kulipeza. Ine ndinali pamtunda woyenda ndi njinga. Ndikanabwera Lachitatu. Koma munati Loweruka, ndipo ine chibadwire sindinafikepo kwa inu ndi nyimbo tsiku lisanakwane.

Ndinayesa kukonza mwakachetechete. Pa zokonzekera za Lolemba ndinaimitsa amayi pa mzere wa mlatho, ndinati titsegule pakamwa bwino pa "lo," timveke. Tinabwereza. Ndinawaimitsanso. Kachitatu, a tcheyamani a amayi, amene amakhala pampando pansi pa mtengo wa mango ndi kaundula wa mayina, anadzuka n'kubwera pang'onopang'ono akukonza chitenje.

"Aphunzitsi, pamenepa mwabwerezapo katatu. Pali chalakwika?"

Ndinati ayi, ndikungofuna mawu amveke.

"Akumveka. Akuluakulu a kuboma anaimva nyimboyi n'kuivomereza. Kapena inu mukumvamo china chimene iwo sanamve?"

Ang'oma anaika manja pamaondo. Ndinaona amayi ena akuyang'ana pansi, ndipo sindidzadziwa ngati ankayang'ana pansi chifukwa nawonso anamvamo kanthu, kapena chifukwa choopa chabe. Ndinati, "Palibe, mayi."

Anaseka, n'kundisisita paphewa. "Ndi chisoni chimenecho, aphunzitsi, chimatseka makutu. Tiyeni amayi, miyendo ikuzizira!"

Basi, khomo linatsekeka pamenepo. Kusintha liwu tsopano n'kuvomera kuti munali chilema m'nyimbo yotamanda, ndiponso kuti ndakhala ndikuphunzitsa amayi a nthambi zonse chilemacho kwa masabata onsewa. Kulisiya n'kukaimba pamaso pa mtsogoleri mwini wake, pa zokuzira mawu, wailesi ikujambula.

Mumadziwa kuti ndimakonda kuwerenga. Munkati ndidzathera maso m'mapepala. Ndamaliza mabuku onse a m'kabati ya kusukulu, ndi aja ansembe akale anasiya m'bokosi, ena mwa iwo a mbiri za anthu opeka nyimbo a maiko akutali. Pafupifupi aliyense anali ndi munthu wake mmodzi wosaopa kumukhumudwitsa, mphunzitsi, mnzake, mkazi wake. Ndinkawerenga n'kumawasirira, osazindikira kuti wanga ali ku Nkhudzi akukazinga usipa, munthu wosadziwa kulemba dzina lake. Zimene ndimatha pa nyimbo sindinazitole m'mabukumo. Ndinazitola m'malo amene inu munkaiwala.

Akandipempha ina ndidzapekabe, chifukwa kukana kulibe. Adzaombera m'manja monga aombera iyi, ndipo ine sindidzadziwa ngati ndapeka nyimbo kapena phokoso. Ndinayamba kupeka yanu, yoti tidzaimbe pomanga chiliza. Ndinalemba mizere inayi n'kuima. Ndikanaipereka kwa yani kuti ayende nayo mpaka Loweruka?

Tsiku lobwera mtsogoleri lija ndi Lachisanu la sabata ya mawa. Tagwirizana ndi bambo a Dalitso kuti ana apite kwa achimwene Lachinayi, tidzati akukaona khanda. Dalitso ndamuonetsa pamene pali makadi awo a kusikelo ndi makiyi a sutikesi. Mwina zonsezi n'zopanda pake, mwina ndidzabwerako madzulo ndi fumbi m'miyendo, n'kukawatenga Lamlungu. Sindikudziwa.

Chimene ndingakulonjezeni ndi chimodzi. Ndidzaima kutsogolo, ndidzaimba momveka, ndipo ngati wina adzamvemo chimene munamva inu n'kufunsa mwini nyimbo, ndidzati ndine ndekha. Sindidzatchula amayi ovomera, kapena ang'oma, kapena a tcheyamani amene. Sindidzanenanso kuti panali munthu amene anandichenjeza.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo sindikukwiyirani kuti munapita nalo liwulo. Mupereke moni kwa Ababa.

Kwatsala masiku asanu ndi anayi. Nyimbo ili monga munaimvera, ndime zitatu ndi kolasi, sindinasinthemo kanthu.

Ndine mwana wanu,
Marita