Foni ya Malemu Bambo M'bokosi Lachitsulo

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana, ndipo mwendo uja unasiya kukuvutani. Kuno tilipo, ntchito yoyesa mafoni ikuyenda.

Foni ya malemu bambo munanditumizira ija inafika, ndipo ndinapita nayo kuntchito kuti ndione ngati ikadali ndi moyo. Kumeneko foni timaitsekera m'bokosi lachitsulo momwe netiweki silowa kapena kutuluka, kenako makina amatiuza mphamvu imene ikutulutsa. Foni ili ngati munthu, azakhali: nsanja ya netiweki ikakhala pafupi imanong'ona, ikakhala kutali imakuwa.

Ya bamboyi inkakuwa mpaka pamapeto pa muyeso. Ndinati mwina ndi waya wolumikiza bokosilo ku makina, poti nthawi zambiri wolakwa amakhala iyeyo. Ndinasintha waya, ndinapukuta polumikizira, ndinayesa foni ina, makina n'kuwerenga bwinobwino. Nditabwezeramo ya bambo, inayambiranso. Mnzanga wa tebulo loyandikana anaseka nati, "Chotsa batire, tione ngati ingakuwe ndi njala." Ndinachotsa, koma nambala ya pamakina sinatsike ngakhale pang'ono. Mnzangayo anangonyamula jekete lake n'kutuluka, ndipo mpaka lero salowa m'chipinda choyeseracho ine ndikachokapo.

Foniyo ndaisiya momwemo. Abwana ndawauza kuti bokosilo lawonongeka.

Za ine musadandaule, ndikudya bwino, tulo tokha ndi tomwe tikuvuta. Mupereke moni kwa onse. Koma ndifunseko pang'ono, musakhumudwe. Paja munati bambo anatisiya ali m'tulo, osaitana munthu aliyense. Nanga foniyi munaipeza patebulo, kapena m'manja mwawo?

Ndine mwana wanu,
wa mafoni uja.