Mabedi Atatu Odulidwa Nsonga

Lachiwiri, 2 Julayi

Ndathirira mabedi onse asanu ndekha. Msana ukuchita kuyaka.

Letesi wanga wayamba kutalika. A Ahmed, ophika pa loji ina ku Liwonde, amene anandipatsa mbewuyi, anati alendo awo a ku Asia safuna masamba, amadya tsinde: kusenda, kuduladula, kukazinga. Akufuna matsinde onenepa, otalika kuchokera pachigongono mpaka kuzala, kumapeto kwa mwezi uno. Ndikakwanitsa, azitenga kwa ine chaka chilichonse nyengo yozizira. Ndikalephera, mbewu apereka kwa wina, ine ndibwerere kokhala pamsewu ndi mpiru ngati aliyense.

A Wadson a dimba loyandikana nalo akuti, "Amayi a sukulu, fodya wanuyu apita liti ku okushoni?" Ndati tsiku limene tomato wawo adzasiye kuola. Aseka mpaka kutsokomola. Ndi munthu yekhayo amene ndayankhula naye lero.

Lachinayi, 4 Julayi

J. aimbanso. Ndangoyang'ana foni mpaka yatopa yokha.

Achemwali anga a Judith, a ku Phalula. Miyezi isanu ndi itatu tsopano sanamve liwu langa. Mayi anagona m'chipatala masabata atatu, wowasambitsa ine, wowadyetsa ine. J. lero ana, mawa kumunda, mkuja thiransipoti. Anafika tsiku la maliro, n'kulira mokweza kuposa tonse. Ngati Phalula ndi ku Joni.

Loweruka, 6 Julayi

Ndathyola masamba a m'munsi kuti tsinde linenepe. Ndaphikako, akuwawa pang'ono. Ndadya chiimire, poti kukhala pamkeka wekha kumachititsa manyazi ngakhale palibe wokuona.

Mutu ukuwawa.

Lamlungu, 7 Julayi

Ndikunjenjemera dzuwa likuswa mtengo. Sindinathirire.

Lachinayi, 11 Julayi

Ndatuluka m'chipatala. Anali malungo. A Wadson ananditengera panjinga Lolemba, kenako n'kuimbira J. osandifunsa. Anthu ena chifundo chawo chilibe mabuleki.

J. anabwera ku wodi ndi phala. Ndinatembenukira kukhoma. Anaima, anaima, n'kusiya bakuli pa loka. Atapita ndinamwa lonse. Anathiramo nsinjiro zambiri, mmene ndimakondera. Zimenezo sizisintha kanthu.

Lachisanu, 12 Julayi



Ndapita kudimba m'mawa, pang'onopang'ono. Ndili patali mtima unakhala pansi: dothi lonyowa, udzu wozulidwa bwinobwino. Kufika pafupi, mayo ine. Mabedi atatu, mtengo uliwonse wodulidwa nsonga. Utomoni woyera utauma pamabala.

J. anali pachitsime ndi kheni yanga, chitenje atakwinyira m'mawondo.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine, Laki mng'ono wanga. Zimathamangira m'mwamba, zikanachita maluwa. Mayi ankatero ndi mpiru kuti uchuluke masamba. Awiri otsalawo ndimati ndimalize lero."

Amalize!

"Uwu ndi mpiru? Mwaonapo mpiru wotere? Chimene mwadulacho ndiye ndiwo yake!"

"Nanga ndikanadziwa bwanji, foni suyankha?"

Pamenepo ndiye ndinawauza. Ndinati kwa mayi munachedwa, kuno mwafulumira, koma konse kumene mwafika pamatsala maliro.

Anatula kheni mosamala kuti madzi asatayike, n'kutsitsa chitenje, n'kumapita. A Wadson anali ataweramira tomato wawo ngati akufuna singano.

Loweruka, 13 Julayi

Ndaimbira a Ahmed. Akuti odulidwawo basi, satalikanso, angochita mphukira m'mbali, tsinde n'kulimba ngati nkhuni. "Koma awiriwo, chemwali, mukawasamala ndibwera ndidzaone. Madzi asadumphe tsiku. Akamva ludzu amawawa, mlendo amalavula."

Madzi asadumphe tsiku. Ine kheni ya theka ndikuona nyenyezi masana.

Lamlungu, 14 Julayi

Bedi limodzi lokha, ndipo ndinapumira kanayi. Lina masamba agwa makutu.

A Wadson abwera kumpanda osaitanidwa. Akuti J. masiku onse aja sankagona m'nyumba muno, ankaopa kulowa ine kulibe, ankagona kwa a Wadson, pamkeka ndi akazi awo. Ana anawasiya kwa aneba ku Phalula. Ankalawirira kuthirira, manja onse matuza. Nsongazo ankadula ndi chikhadabo, umodziumodzi, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya imene mayi ankaikonda.

Ndati matuza sabweza nsonga.

"Iyayi, sabweza," atero. "Koma inu mwathirira angati lero?"

Anthu okalamba kufunsa zinthu zimene akuziona ndi maso.

Atachoka ndinayang'anitsitsa mabala aja. Onse odulidwa chopendekera, kuti madzi asakhalepo n'kuoletsa. Mmene mayi anatiphunzitsira tonse awiri, m'dimba lomwe lino, ine ndikulira kuti nyerere zikundiluma. Ndinakhala pansi pachitsime nthawi yaitali. Palibe anadutsa.

Lolemba, 15 Julayi

Foni ili zii tsiku lonse. Ndayang'ana ngati yazima. Sinazime.

Lachiwiri, 16 Julayi

Ndinawapeza J. ataima kunja kwa mpanda wa dimba, kachikwama m'khwapa, fumbi la minibasi m'mutu. Sanalowe. Sanati odi.

"A Wadson akuti sukutha kunyamula kheni. Ndithirire n'kumapita. Sindikhudza chilichonse."

Ndinali ndi mawu okonzeka, akuthwa bwino, ndinawanola usiku ndi usana. Ndinayang'ana bedi lofota lija, n'kuyang'ana manja awo. Matuza aphulika, amanga ndi kansanza.

Ndinatsegula chitseko cha mpanda.

"Ndi manja amenewo muthirira chiyani? Tinyamulizana kheni imodzi, inu uku ine uku."

Tinayenda maulendo khumi ndi awiri, madzi akutitayikira m'miyendo chifukwa iwo ndi aatali, ine wamfupi. Titamaliza ndinawaonetsa kathyoledwe kake. Masamba a m'munsi okha, achemwali. Nsonga ayi.

"A m'munsi okha," anabwereza, ngati mwana wa sitandade wani.

Chizungulire chinandigwira. Ndinati ndikupita kunyumba kukagona pang'ono. Anadzuka msanga kuti atuluke nane.

"Tsalani mumalize," ndinatero.

Ndinawasiya okha pakati pa mabedi anga awiri. Mpaka kufika kunyumba ndinacheuka kamodzi kokha.