Mwala Wanu Aumata Nambala

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko komwe muliko? Ife kuno ku Lifuwu tadzuka, kungoti dzuwa la chaka chino lafika poipa, ngakhale nkhuku zikungoyenda kukamwa kuli yasa.

Munkati mlendo ayambe wamwa madzi asanamve zovuta za pakhomo, ndiye ndiyambe ndi madziwo. Mkazi wa mwana wanu Yohane wachira, kwabwera kamtsikana. Tamupatsa dzina lanu, Filesi. Akayamba kulira, Yohane amangoti, "Pepani amayi, talakwanji?" ife n'kumaseka mpaka misozi. Mpunga kusikimu wachita bwino ngakhale mbalame zinatidyera mbali ya kumtunda. Mbuzi yanu yamawanga ija yakalamba koma yaswanso awiri, ndipo khalidwe lake lolowa m'dimba la eni sinasiye. Sabata yatha ndakapepesa kawiri.

Tsopano za chiliza chanu. Tinauza abale kuti timanga mvula isanagwe, ndipo ena anayamba kale kusonkha nkhuku ndi chimera. Amayi, sizitheka chaka chino, ndipo wolepheretsa ndine. Ndikufuna mumve kwa ine, musamvere kwa Yohane akabwera kumanda kudzandineneza.

Mukuwakumbukira Bwana Chipewa, eni loji ya ku Senga Bay kumene munachapa mashiti mpaka zala zanu kuchita makwinya, kumene ine ndinalowa m'malo mwanu. Pa maliro anu anabwera, anavula chipewa chija koyamba pamaso pathu, nanena kuti mwala wa pamanda panu agula ndi iwo. Anachitadi. Anandipatsa ndalama mu envelopu, ndinapita ndekha ku Lilongwe kwa osema miyala. Unali mwala wakuda bii, wosalala ngati galasi, dzina lanu lolembedwa ndi zilembo zagolide. Tinausunga m'chipinda chosungiramo katundu cha pa loji podikira kuti dothi la pamanda likhazikike.

Dothi lisanakhazikike n'komwe, bwana anapita ku Ulaya ndipo sanabwerenso. Anawagwira pabwalo la ndege. Ndikudziwa mukuti, "Aa, bwana omwe aja ankatipatsa shuga pa Khirisimasi?" Nanenso ndinatero. Koma kwawo, dziko la nkhondo lija sankafuna kulitchula, anali mkulu wa asilikali. Anyamata awo ankawotcha midzi, kupha anthu, n'kulanda ng'ombe ndi migodi. Ndalama zomangira loji zinachokera kumeneko. Boma linabwera n'kukhoma chipinda chija ndi maloko ake, n'kunena kuti pasachoke ngakhale supuni mpaka mlandu uthe. Mlanduwo unatenga zaka, inu muli pansi pa mulu wadothi ndi kamtanda kathabwa kodyedwa ndi chiswe. Chaka chilichonse tinkati mwina chaka chino atsegula.

Tsopano watha. Khoti la mayiko, limene limaweruza milandu ya nkhondo, lawapeza olakwa. Kuwonjezera pa ndende lawagamula chindapusa, lalamulanso kuti katundu wawo alandidwe kulikonse kumene ali. Mwezi watha kunabwera anthu a boma pamodzi ndi mayi wina loya, wamfupi, wolankhula mofatsa. Anatikhazika antchito tonse pansi pa mkuyu uja munkayanikapo matawulo. Anafotokoza kuti khoti lakutalilo lilibe apolisi akeake, limachita kupempha maboma, ndipo khoti lathu lavomera. Zonse zigulitsidwa, ndalama zake zipita kwa amene anapulumuka m'midzi ija. Kenaka anayamba kumata timapepala ta manambala pa mabedi, mafiriji, boti, ngakhale ayironi yanu ija ya chogwirira chomanga ndi mphira. Mwala wanu nawo anaumata nambala, pamwamba penipeni pa dzina.

Mayi loyayo anati aliyense amene ali ndi chake m'katimo, chogula ndi thukuta lake, abweretse umboni atenge. Mlonda anatenga njinga yake, wophika anatenga wailesi. Ine lisiti la mwala ndinali nalo m'Baibulo mwanu, ndipo lili m'dzina langa poti ndine ndinakalipira. Yohane atamva anachita kuwomba m'manja. Anati, "Achemwali, apa Mulungu watiyankha. Mukangoonetsa pepalalo, pakamwa mutseke. Afunsa ndani?"

Sindikunamizani, ndinapita ndi pepalalo nditatsimikiza kuchita zomwezo. Ndili pamzere ndinamva wophika akufunsa mayi aja ngati ndalamazo zidzawafikedi anthuwo kapena zidzathera m'maofesi. Iwo anayankha kuti sangalumbire, njira yake ndi yaitali. Koma anati ambiri mwa opulumukawo ndi akazi amsinkhu wathu, ndipo chimene amapempha kwambiri n'choti wina awalozere pamene anatayidwa amayi awo, poti ena anaponyedwa m'maenje, ena mumtsinje.

Amayi, apo ndinaganiza za inu. Ndinakumbukira tsiku lija munapeza mpukutu wa ndalama m'thumba la buluku la mlendo, ine ndikupita kusukulu wopanda nsapato. Munakabweza osachotsapo ngakhale imodzi, ine n'kukwiya osadya. Munangoti, "Wochapa amabweza za m'thumba, apo ayi zovala ziyera koma iye ada." Itafika nthawi yanga ndinayala lisiti patebulo, n'kunena kuti dzina ndi langa koma ndalama zinali za bwana.

Mayi aja anavula magalasi, nandiyang'ana. Anati, "Mukanangokhala chete, mukananyamula lero lomwe. Tsopano poti ndamva, ndiyenera kulemba." Analembadi. Mwala ugulitsidwa pamodzi ndi zinazo. Wogula adzapala dzina lanu n'kulembapo la wina. Ndinalira njira yonse yochokera ku Senga Bay, wakabaza mpaka anaima kundifunsa ngati kwathu kwagwa zovuta.

Yohane sakundilankhula bwinobwino. Akuti ndachititsa banja manyazi chifukwa cha anthu osawadziwa, ndipo mwala umodzi sungadzutse munthu kumeneko. Mwina akunena zoona, kaya. Bwana nawonso ndikulephera kuwatukwana ndi mtima wonse, poti kwa inu anali abwino, ndipo zimenezi zimandizunguza mutu mpaka lero. Munthu mmodzi yemweyo kukugulirani mankhwala inu, kwina n'kumawotcha nyumba muli ana. Za ntchito yathu sitikudziwa, zidalira amene adzagule loji. Koma inu amene simunatengepo ngakhale kachidutswa ka sopo wa pantchito, ndinalephera kukufunditsani mwala wogulidwa ndi ng'ombe za anthu ophedwa.

Ngati ndalakwa mundikhululukire. Ndayamba kuumba njerwa kuseri kwa nyumba, ndipo ndapatula matumba awiri a mpunga oti ndidzagulire simenti. Chiliza chake sichidzawala ngati mwala uja, dzina ndidzachita kulemba ndi msomali simenti isanaume, ndipo mukudziwa kale kuti kalembedwe kanga n'kokhota. Pirirani mvula imodzi yokha, amayi. Ife pamene mwagona tikupadziwa, anzathu aja pawo sakupadziwa n'komwe. Mvula ikangokata ndidzabwera kudzakumangirani ndi manja angawa, kaya Yohane andithandiza kaya ayi.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kale,
Esinati