Khadi Lomwe Yadya Mbuzi

Lachisanu, Okotobala 1992, kwathu ku Nchema. Kwatentha, ndipo mtima sunakhale m'malo.

Mbuzi yagwetsa katoni ya makadi anga oboola, aja ndinapulumutsa ku ofesi ku Limbe tsiku lomwe ankatulutsa kompyuta yakale. Pulogalamu yanga yoyamba ya kompyuta, yomwe ndinailemba poboola makadiwo, yonse inangoti mbwee pabwalo. Mchemwali wanga Esinati amafuna akolezere moto. Akuti, "Achimwene, makina ake anataya kalekale, mukutoleranji?"

Ine ndinangopitiriza kutola. Kale tikamaliza kuboola, tinkajambula mzere wofiira pamwamba pa mulu wonse, kuchokera ngodya iyi kukafika inayo, kuti makadi akamwazika tidziwe lililonse malo ake. Ndakhala pamkeka kusanja mpaka mzere uja wabwerera. Limodzi mbuzi yadya, koma zomwe zinali pamenepo ndikuzikumbukira.

Masiku amenewo ukalakwitsa unkadikira mpaka mawa lake kuti ukonze, ndiye unkayamba waganiza usanaboole. Lero munthu amangofufuta pagalasi la kompyuta. Abwana akuti zala zanga zakalamba, makina atsopanowa ndisiyire ena. Zala, mwina. Mutu ayi.

Lolemba ndikwera basi yoyamba yobwerera ku Limbe. Za pa khadi ladyedwalo ndikazilemba pa makina awo omwewo, iwo ali chiimire kumbuyo kwanga, kenako tione amene wakalamba...